Botolo Limene Lili Pansi pa Bedi

Pali chiganizo chimodzi chimene ndachimasulira kambirimbiri kuchoka m'Chingerezi, ndipo ndikufuna chichotsedwe m'timapepala tonse topatsa odwala khansa: "Musamwe mankhwala achikuda." Chimamasulirika mosavuta, mawu atatu okha opanda chokhota. Koma sindikhulupirira kuti chinaletsapo anthu ambiri kumwa kanthu. Chimene chimachita ndi kuphunzitsa wodwala kuti pali nkhani zina zosauza dokotala. Botolo limachoka pamwamba pa kabati n'kupita pansi pa bedi, kuseri kwa beseni, litakulungidwa m'chitenje, ndipo limamwedwabe usiku anamwino akatsiriza kuzungulira.

Ndikulemba ngati womasulira, munthu amene ntchito yake ndi kuima pakati pa anthu awiri osamvana. Ukaima pamenepo nthawi yaitali umayamba kumva zimene mbali zonse ziwiri zikubisa. Mfundo yanga ndi yakuti zitsamba zili ndi malo pa chisamaliro cha munthu wodwala khansa, malo ochepa koma enieni: kuchepetsa nseru, kubweza chilakolako cha chakudya, kufewetsa m'mimba, kusamalira chilonda. Pa nkhani yochiza khansa yeniyeniyo zilibe malo, ndipo amene akukuuzani kuti muzu wake umasungunula chotupa akukuberani ndalama ndi masiku omwe. Anthu awiri amene amaoneka ngati adani pa nkhaniyi, wachipatala wokalipa ndi wogulitsa wolonjeza, akulima munda umodzi. Wina amapirikitsa wodwala, winayo amamulandira ndi mpando.

Tione kaye kuti wodwalayo ndi ndani. Kuno kwathu khansa zimene zimadzaza mawodi ndi ya khomo la chiberekero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, ya kummero, ya m'mawere, ndipo kwa ana ndi ija yotupitsa nsagwada imene Denis Burkitt anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958. Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'Malawi monse mu 2019, zimene ndi zabwino kwa ana athu, koma amayi amene ali m'wodi lero katemerayo anawapeza atakula kale. Ambiri amafika kuchipatala matenda atayala mizu. Kwa zaka makumi ambiri Malawi analibe makina ootchera khansa ngakhale amodzi. Wofunika chithandizo chimenecho ankadikira kuti dzina lake lituluke pa mndandanda wa opita ku India kapena ku Tanzania, kapena ankadzisakira yekha ya ulendo wa ku Lusaka, kumene chipatala cha khansa chinatsegulidwa mu 2007.

Ndiye taganizirani mayi wochokera kumudzi wakutali ndi chipatala chachikulu. Wauzidwa kuti opaleshoni siithekanso. Wapatsidwa mapilisi ndi tsiku lodzabweranso, ndipo pamwamba pake wauzidwa zosamwa. Kunyumba apongozi awiritsa kale masamba a nimu, alamu abwera ndi makungwa a muwawani, amayi a kumpingo abweretsa ufa wa cham'mwamba. Kukana kapu imeneyi ndi kukana dzanja la amene waibweretsa. Munthu amene akudyetsedwa, kusambitsidwa ndi kutembenuzidwa pamphasa ndi anthu amenewa sangawauze kuti kapu yawo ibwerere. Amamwa. Akafunsidwa kuchipatala amayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ayi adokotala, ine zachikuda sindimwa, ndine wopemphera."

Ndinakhalapo milungu ingapo ndikudwazika azakhali anga m'chipatala china. Kumalo ophikira odwazika matenda, pa mafuwa ambiri pankakhala miphika iwiri: wa phala, ndi wina waung'ono wovundikira bwino. Aliyense ankadziwa za mphika waung'onowo. Anamwino nawonso ankadziwa, poti ambiri a iwo anakulira m'nyumba zomwezo. Koma m'kabuku ka kuchipatala ka azakhali, kamene ndinkakawerenga tsiku ndi tsiku, munalibe ngakhale mzere umodzi wofunsa za mphikawo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pano manyaziwo tachita kuwapanga dala, ndi kapepala kosindikizidwa bwino.

Chinsinsi chimenechi ndi choopsa, ndipo kuopsa kwake kuli m'chiwindi. Mankhwala ambiri a khansa ndiponso ma ARV amagayidwa m'chiwindi ndi tizinthu totchedwa ma enzyme. Zitsamba zina zimafulumizitsa ntchito imeneyi, moti mankhwala amatuluka m'thupi asanagwire. Zina zimaichedwetsa, moti mankhwala amaunjikana m'magazi n'kusanduka poizoni. Chitsanzo chodziwika kwambiri si cha kuno ayi. Ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort, chimene azungu amagula m'masitolo mwawo kuti chiwachotse nkhawa. Mu 2002 ofufuza a ku Rotterdam anapeza kuti chimatsitsa mphamvu ya mankhwala a khansa otchedwa irinotecan m'magazi ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse. Chimafooketsanso ma ARV ena. Madzi a manyumwa amachita zosemphana ndi izi, amachulukitsa mankhwala ena m'magazi. Ku South Africa, African potato ndi Sutherlandia, imene anthu kumeneko anaipatsa dzina loti chitsamba cha khansa, zinapezeka mu labotale kuti zimakhudza ma enzyme omwewo. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ambiri anawonongeka impso ndi chitsamba cha Aristolochia chimene chinalowa m'mapilisi ochepetsa thupi, ndipo ena mwa iwo anadzadwala khansa ya m'njira ya mkodzo. Amenewo anali amayi a ku Brussels, opita kusukulu, okhala ndi madokotala awoawo.

Wodwala Kaposi kwathu kawirikawiri amakhala ali kale pa ma ARV ndi Bactrim, mwina ndi mankhwala a TB, kenako n'kuwonjezera kemo. Chiwindi ndi chimodzi. Maso akayamba chikasu, dokotala ayenera kudziwa zonse zimene zalowa m'thupimo. Akapanda kudziwa angathe kuimitsa kemo amene analibe mlandu, botolo lolakwalo n'kupitiriza ntchito yake.

Mbali ina ya vutoli ili m'mawu omwewo. Tinagawa mankhwala potengera khungu la amene wawanyamula: achikuda, achizungu. Kugawa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Amishoni ambiri ankaona thumba la sing'anga ngati la Satana, ndipo lamulo la ufiti limene atsamunda anaika mu 1911 likadali m'mabuku a Malawi mpaka lero. N'chifukwa chake mayi uja amayankha funso la mankhwala ndi yankho la chipembedzo. Koma tiyeni tilowe mu famase ya chipatala tione. Mofini, mfumu ya mankhwala opha ululu, amachokera ku utomoni wa duwa la popi limene anthu akhala akulima kwa zaka zikwi zambiri. Paclitaxel anapezeka m'makungwa a mtengo wa yew wa kumadzulo kwa America. Vincristine, amene amathandiza kupulumutsa ana odwala khansa ya Burkitt ndipo amaperekedwanso pa Kaposi, amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene kamamera m'mphepete mwa makhonde athu, kofiirira kapena koyera, kosafuna ngakhale kuthirira. Nanga chizungu chake chili pati? Chili pa sikelo. Wina anayeza, analemba, anawerenga amene anachira ndi amene anafa.

Apa ndiyenera kutembenukira anzanga okonda chikhalidwe, amene nkhani ya kaduwa ka ku Madagascar amainyamula ngati mbendera. "Mwaona? Azungu anaba nzeru za makolo athu, ndiye akutiletsa ife eni ake." Zakuba zilipo ndithu, ndipo Madagascar sanapindule ndi chuma chimene kaduwako kanabweretsa. Koma werengani nkhaniyo mpaka kumapeto. Robert Noble ndi Charles Beer, ku Canada m'zaka za m'ma 1950, ankafufuza masambawo chifukwa anamva kuti ku Jamaica anthu amamwa tiyi wake pa matenda a shuga. Pa shuga sanapeze kanthu kogwirika. Chimene anaona n'chakuti makoswe obayidwa madziwo maselo oyera a m'magazi ankawathera. Pamenepo ndi pamene panachokera vinblastine, ndipo vincristine anatsatira posakhalitsa. Pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma kuti papezeke galamu imodzi. Vincristine amaperekedwa kudzera mumtsempha, mlingo wa munthu wamkulu kawirikawiri supitirira mamiligalamu 2, ndipo akadonthera kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu. Chikhalidwe chinaloza chomera choyenera, koma pa matenda ena. Mukawiritsa masamba a kaduwako mumphika simupezamo chochiza mwana wanu.

N'chimodzimodzi ndi mauthenga oyenda pa WhatsApp ndi Facebook akuti asayansi apeza kuti soursop kapena mvunguti amapha maselo a khansa. M'kambale ka mu labotale Jik nayenso amapha maselo a khansa. Funso limakhala lakuti chinthucho chingafike pa chotupa m'thupi la munthu wamoyo, pa mlingo wokwanira, osapha munthuyo? Pa soursop umboni umenewo palibe. Chimene chilipo n'chakuti pa chilumba cha Guadeloupe madokotala anapeza matenda ofanana ndi a Parkinson pakati pa anthu amene ankadya chipatsochi ndi kumwa tiyi wa masamba ake kwambiri, ndipo anaganizira poizoni wina wa m'chomeracho wotchedwa annonacin. Uthenga wa pa WhatsApp uja sufika pamenepo.

Tinaziona kale izi, ndipo tilibe chifukwa chodabwira. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene anati analota mankhwala a Edzi. Mu 2011 mizere ya magalimoto inatalika makilomita ambiri pa njira ya ku Samunge, ku Loliondo m'dziko la Tanzania, kumene m'busa wopuma Ambilikile Mwasapila ankapereka kapu imodzi pa mashilingi 500, kapu yochiza Edzi, shuga, khansa ndi zina zotero. Ena anatulutsidwa m'zipatala kuti akafike kumeneko, ena anafera pa mzere. Anthuwo sanali opusa. Anali anthu amene chipatala chinawauza kuti palibenso chochita, ndiye wina anawauza kuti chilipo.

Kuwerenga maliro a amene anasiya chipatala kunachitika ku America. Ofufuza a pa yunivesite ya Yale, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2018, anayerekeza odwala 281 amene anasankha mankhwala ena m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala ndi odwala 560 ofanana nawo amene analandira chithandizocho. Oyambawo chiopsezo chawo cha imfa chinali chachikulu kawiri ndi theka, ndipo pa khansa ya m'mawere chinaposa kasanu. Gulu lomweli linayang'ananso amene ankaphatikiza zonse ziwiri. Nawonso ankafa kwambiri, koma atafufuza bwino anapeza kuti chimene chinkawapha ndi kukana mbali ina ya chithandizo: kukana opaleshoni, kukana kemo, kukana makina. Mfundo imeneyi ndi imene achipatala athu ayenera kuilemba pakhoma. Mdani wamkulu ndi kusiya ndi kuchedwa. Mayi amene akumwa tiyi wa jinja koma akubwera pa tsiku lake la kemo ali bwino kuposa amene mwamukalipira n'kulumbira kuti sadzapondanso pakhomo panu.

Chichewa chili ndi mawu okwanira kunena zonsezi, kungoti timawagwiritsa ntchito mosasamala. Kuchiza ndi kuchotsa matenda. Kuthandiza, kusamalira, kutonthoza, kuziziritsa ululu, zonsezi ndi ntchito zina, ndipo wogogo aliyense amadziwa kusiyana kwake. Liwu limene timaligwiritsa ntchito pa zimene chipatala chimapereka ndi "chithandizo". Ndimalikonda liwu limeneli chifukwa sililonjeza zoposa zimene lingathe. Wogulitsa pa wailesi sanena kuti botolo lake ndi chithandizo. Amati limachiza, limachotseratu, limatsuka m'thupi monse. Mverani mneni amene munthu wasankha, mudziwa amene mukuyankhula naye. Sing'anga weniweni wa m'mudzi, amene mawa lake adzakhala nawo pa maliro ngati zalephereka, kawirikawiri amati, "Tiyese." Wa pa wailesi sapita ku maliro a makasitomala ake.

Kuphatikiza kochitika poyera kulipo kale muno mu Africa. Anne Merriman atakhazikitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, anayamba kusungunula ufa wa mofini m'madzi n'kuuthira m'mabotolo, kuti wodwala azimwa kunyumba kwake motchipa. Mofini amadzimbiritsa, ndipo mankhwala otsegula m'mimba a mu famase sapezeka paliponse, choncho ogwira ntchito kumeneko amalangiza njere za papaya zouma, zosinja. Pa ululu wa mashingozi amapaka utomoni wa mtengo wa frangipani. Pa chilonda cha khansa chonunkha amasinja mapilisi a metronidazole n'kuwaza pamenepo, fungo n'kuchepa, munthu n'kuyambanso kudyera limodzi ndi ana ake. Papaya ndi metronidazole zili m'chikwama chimodzi cha namwino mmodzi, ndipo palibe amene akufunsa kuti chachikuda ndi chiti. Ku Salima, malo a Ndi Moyo amene namwino Lucy Finch anatsegula mu 2007 ali ndi dimba la zitsamba, ndipo amazigwiritsa ntchito pamodzi ndi mofini ndi mankhwala ena. Ngakhale jinja wathu wa pamsika anayesedwa pa sikelo: kafukufuku wa ku Rochester m'dziko la America, wa odwala 576, amene anatuluka mu 2012, anapeza kuti theka la galamu kapena galamu imodzi patsiku, pamwamba pa mankhwala oletsa kusanza, imachepetsa nseru ya tsiku loyamba la kemo. Taonani mawu akuti pamwamba pa. Palibe amene anachotsa mankhwala enawo.

Ndikudziwa zimene adokotala angandiyankhe, ndipo si zopanda nzeru. Adzati: zitsamba zambiri sitikudziwa zili ndi chiyani, mlingo wake ndi "kapu imodzi" ya kukula kulikonse, ndipo tikangotsegula chitseko pang'ono anthu adzati achipatala avomereza. Adzatinso: panja pali mzere wa anthu ochuluka, ine ndili ndekha, nthawi yokambirana za nimu ndiitenga kuti? Zoona zonsezo. Koma chitseko chimene mukuopa kutsegulacho n'chotsegula kale, kungoti inu mwachifulatira. Kufunsa si kuvomereza. Mumafunsa odwala ngati amasuta fodya kapena kumwa kachasu, ndipo palibe amene amati mwavomereza kachasu. Funso lake ndi lalifupi: "Amayi, kunyumba akukupatsani chiyani china chothandizira? Mubwere nacho tidzachione." Funsoli likuganiza kale kuti chinachake chilipo, choncho silichititsa manyazi. Yankho lilembedwe m'kabuku, pambali pa sikelo ndi BP. Pamenepo dokotala angathe kunena kuti jinja pitirizani, cham'mwamba ngati ndiwo palibe vuto, koma ichi chosadziwikachi musiye kaye masabata a kemo, chifukwa chiwindi chanu chili ndi katundu wambiri. Munthu amamvera kuletsa kumene kwabwera ndi chifukwa, makamaka ngati zina zaloledwa. Kuletsa zonse mwachisawawa amakumva ngati kunyoza amayi ake.

Nawo asing'anga ali ndi ngongole. Akhala akupempha ulemu kwa nthawi yaitali, ndipo ena mwa iwo aupeza: ku Zimbabwe bungwe la ZINATHA linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo Gordon Chavunduka, pulofesa amene anadzakhala mkulu wa yunivesite ya dzikolo, ndiye analitsogolera, South Africa ili ndi lamulo la asing'anga la 2007, pa 31 Ogasiti chaka chilichonse Africa imakumbukira mankhwala a makolo. Ulemu umenewu uli ndi mtengo wake. Mayi amene akutaya magazi atasiya kale kusamba, chotupa cha m'bere chimene sichikupweteka, bambo amene nsima yayamba kumukakamira pakhosi, mabala akuda m'miyendo ndi m'kamwa: sing'anga amene wasunga munthu wotere miyezi isanu ndi umodzi akumutemera mphini wamupha, ngakhale atachita ndi mtima wabwino. Kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga kumatenga mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Sing'anga nthawi zambiri ndiye woyamba kumva za matendawa, miyezi yambiri dokotala asanawaone. Mabungwe awo akanakhala kuti akuthamangitsa poyera mamembala olonjeza kuchiza khansa, ndikanawaombera m'manja pa 31 Ogasiti. Pakadali pano ndikuona ziphaso zopachika pakhoma.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi ululu. Anthu ambiri amene amagulitsa mbuzi ndi malata kuti agule botolo la pa wailesi sakufunafuna moyo wosatha. Akufuna kuti mayi awo asiye kubuula usiku. Mofini wakumwa ndi wotchipa, ndipo akaperekedwa pa nthawi yake, maola anayi alionse, amathetsa ululu wa khansa mwa odwala ambiri. Koma kumidzi yambiri amakhala kutali, ku chipatala cha boma cha paboma, ndipo achibale ena amamuopa poganiza kuti ndi mankhwala omalizitsa munthu. Achipatala enanso amamuopa. Uganda inasintha lamulo mu 2004 kuti anamwino ophunzitsidwa bwino azitha kulembera odwala mofini popanda kudikira dokotala. Boma limene likufuna kuti anthu asiye kuthamangira ogulitsa zozizwitsa liyambe ndi kufikitsa mofini pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndi namwino woti akhoza kumulemba. Kenako liuze eni mawailesi kuti sangaulutse uthenga wa unduna wa zaumoyo wolimbikitsa amayi kukayezetsa, ola lotsatira n'kugulitsa mphindi makumi atatu kwa munthu wodzitcha dokotala amene akuti kuyezetsako n'kosafunika bola mutagula mabotolo atatu.